Gasi ali kuseri kwa mpanda, ife tikuphikira mapiri: kalata yotseguka kwa oyang'anira za mphamvu

Olemekezeka a Nduna oona za mphamvu,
akuluakulu a MERA ndi a NOCMA,
ndi inu aphungu athu a mu mzinda wa Blantyre,

Ndikupatsani moni mwaulemu. Ine ndine bambo wa ku Chilobwe. Ndinaphunzitsa sayansi ku sekondale mpaka imvi zinamera, ndipo chipumireni ntchito ndimathandiza mayi akunyumba pa kamalo kawo kogulitsira tiyi m'mawa ndi nsima masana. Kalatayi ndaiika poyera dala, chifukwa nkhani ya moto wophikira ndi ya khomo lililonse, kuyambira ku Namiwawa mpaka ku Mbayani.

Tsiku lina lapitali silinda yathu ya makilogalamu 9 inatha cha m'ma 11 koloko, nyemba zili pamoto, makasitomala atatsala pang'ono kuyamba kufika. Lawi labuluu lija linangofupika, n'kuphethira kawiri, n'kuzima. Ndinakweza silindayo pa kabaza. Malo oyamba ndinapeza potseka. Malo achiwiri mnyamata wodzaza gasi anangotambasula manja, amvekere, “Thankala sinafike, bambo. Akuti forex.” Malo achitatu gasi analipo, koma mzere wa masilinda unafika mpaka kumsewu, aliyense atakhalira yake ngati mpando. Pamene ndimabwerera dzuwa linali litapendeka. Ndinapeza mayi atakoleza kale mbaula ziwiri, akukupiza ndi chivundikiro cha ndowa, maso ali psuu. Makala anagula pampanda pomwepo, kajumbo kamodzi, kwa mayi wina amene sajomba pamalopo, kaya kuli mvula kaya kuli dzuwa. Sanandidandaulire. Anangoti, “Mwaonatu bambo, makala sasowa.”

Mawu amenewo ndi amene andilembetsa kalatayi. Makala sasowa chifukwa safuna dola, sadikira sitima padoko, saima pachipata cha Mwanza. Amabwera okha usiku, pa njinga zopindika ndi kulemera, kuchokera ku Neno, ku Mwanza ndi kumapiri a kumadzulo, ndipo amagulitsidwa mwa muyezo wa thumba la munthu: wa ndalama zambiri agula thumba, wa zochepa agula kamulu kophikira usiku umodzi. Ndondomeko ya boma yokhudza makala, ya 2017 mpaka 2027, inanena poyera kuti mabanja oposa 97 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, zilango zinakwera, matumba akulandidwa m'misewu. Koma ngakhale mulande matumba onse a pa msewu wa Zalewa, madzulo mphika uyenera kuwira ndithu, ndipo mayi adzafuna chouwiritsira.

Ife a ku Chilobwe phiri la Soche timaliona tikangotuluka pakhomo. Amene anafika kuno kale amalikumbukira lili ndi mitengo yoti mwana sangalowemo yekha. Ndirande anametedwa kalekale, Mpingwe ndi Bangwe chimodzimodzi, Michiru naye akumetedwa ife tikuona. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, Soche anatsika ndi matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba, n'kukwirira anthu m'makomo mwawo. Sindikunena kuti mitengo ikanaletsa zonse, mvula ija inali yoopsa. Koma ine ndinagwira nawo khasu pofukula anansi anga, ndipo kuchokera tsiku limenelo thumba la makala sindiliona ngati katundu wamba.

Ndiloleni ndiwerengere monga ndinkachitira pa bolodi. Tikaona kutentha komwe kumafikadi pa mphika, kilogalamu imodzi ya gasi wophikira imagwira ntchito ya makilogalamu 3 kapena 4 a makala pa mbaula wamba. Ndipo uvuni wadothi, kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala, umameza nkhuni zolemera makilogalamu 5 mpaka 10. Ndiye kuti silinda yanga ija ikakhala yodzaza, imaimira makala a makilogalamu pafupifupi 30, omwe ndi nkhuni za makilogalamu 150 mpaka 300. Thankala imodzi ikachedwa sabata, muwerengere nokha mitengo imene imagwa kuti itseke dzenje limenelo.

Tsono mawu akuti gasi timawasakaniza, ndipo ndamvapo ngakhale anthu ophunzira akusokoneza pa wailesi, ngati kuti gasi yense ndi mmodzi. Kusokoneza kumeneku n'koopsa pa ndondomeko za dziko, chifukwa kumatilotetsa maloto olakwika. Gasi wotuluka m'chitsime ali ngati chimanga chongochokera kumunda: simungachiike mu mphika mmene chililimo. Mbali yaikulu ndi methane, koma amatuluka pamodzi ndi ethane, propane, butane, mafuta opepuka onga petulo, madzi, mpweya wa carbon dioxide, ndipo m'zitsime zina mumakhalanso hydrogen sulphide, wonunkha ngati mazira ovunda, yemwe amapha munthu ndiponso amadya chitsulo. Chimanga timachitonola, kupeta, kukonola, kunyika, kenako kugayitsa, ndipo gaga sititaya, naye ali ndi msika wake. Fakitale yoyenga gasi imachita zofananazo.

Choyamba gasi amalowa m'mathanki momwe madzi ndi mafuta opepuka aja amadikha pansi n'kuchotsedwa. Kenako amadutsa m'nsanja yodzaza mankhwala amadzimadzi otchedwa amine, omwe amayamwa mipweya yowawasa, carbon dioxide ndi hydrogen sulphide ija. Mankhwalawo akakhuta amawatenthetsa, n'kulavula zomwe anameza, n'kubwerera kukagwiranso ntchito. Chinyezi chotsala amachichotsa ndi glycol, chifukwa madzi akatsalira amaundana ndi gasi pozizira n'kutseka paipi. Akauma amamuziziritsa kwambiri mpaka zolemera zija, propane ndi butane ndi anzawo, zitasanduka madzi n'kusiyana ndi methane. Pomaliza zamadzizo amazilowetsa m'nsanja zotsatizana, iliyonse n'kuchotsa mtundu umodzi molingana ndi kutentha komwe mtunduwo umawirira. Propane ndi butane ndiwo LPG, gasi wathu wa m'silinda. Mwachibadwa alibe fungo lenileni. Fungo lija mumalimva silinda ikamadontha amachita kuthiramo dala, kuti mphuno ikuchenjezeni machesi asanayatsidwe. Padziko lonse, pafupifupi magawo 60 pa 100 a LPG amachokera m'mafakitale otere, otsalawo amachokera koyenga mafuta a galimoto.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya ndalama. Methane ndi wouma mutu. Ngakhale mumufinye bwanji, pa kutentha kwa masiku onse sasanduka madzi. Kuti ayende wambiri pa mtunda wautali, afunika paipi yochokera kuchitsime mpaka kwa wogula, apo ayi mumuziziritse mpaka madigiri 162 pansi pa ziro kuti afupike ka 600 n'kulowa m'sitima zapamadzi zomangidwa mwapadera. Ameneyo ndiye LNG, ndipo fakitale yake imadya madola mabiliyoni. Propane ndi butane ndi ofatsa. Mukawafinya pang'ono amasanduka madzi, n'chifukwa chake mukagwedeza silinda mumamva ngati muli madzi akugavira. Amakwera lole, amakwera sitima, amakwera ngakhale kabaza. Pa ana onse a chitsime cha gasi, ameneyu ndi amene angafike mosavuta ku Chilobwe popanda kukumba ngalande ya makilomita mazanamazana.

Chinanso choti tidziwe n'chakuti malonda a gasi amayamba ndi pepala, chitsulo chimabwera pambuyo. Palibe banki yomwe imabwereketsa ndalama zomangira fakitale kapena paipi isanaone mgwirizano wosainidwa ndi wogula, wa zaka 15 kapena 20, ndipo kawirikawiri mgwirizanowo umati wogula azilipira ngakhale chaka chimene sanatenge gasiyo. Ndalama zambiri zimalowa poyamba pomanga. Kuyendetsa fakitale ikatha kumangidwa n'kotsikirapo. Choncho mwini fakitale amafuna munthu wodalirika woti azitenga katundu mwezi ndi mwezi, ndipo wotereyo amamutsitsira mtengo. Wobwera mwa apo ndi apo, ndi ndalama za thankala imodzi m'manja, amagula zotsala pa mtengo wa tsikulo. Malawi pa msika wa gasi ndi wogula wa mtundu wachiwiriwu. Tili ngati mayi akunyumba aja pogula makala a kajumbo, kungoti ife timagula ndi madola.

Tiyeni tsopano tisuzumire kuseri kwa mpanda. Ku Mozambique, m'chigawo cha Inhambane, kampani ya Sasol yakhala ikutulutsa gasi ku Temane kuyambira 2004 ndi ku Pande kuyambira 2009. Amamuyenga komweko, n'kumutumiza pa paipi ya makilomita 865 mpaka ku Secunda, ku South Africa. Ntchito yonseyo inadya pafupifupi madola 1.2 biliyoni, ndipo inatheka chifukwa kumapeto kwa paipiyo kunali fakitale yaikulu ya Sasol yomweyo, yokonzeka kumeza gasi usana ndi usiku. Kumpoto kwa dzikolo, pansi pa nyanja kufupi ndi mtsinje wa Rovuma, kunapezeka gasi wochuluka zedi mu 2010 ndi 2011. Fakitale yoyandama ya Coral Sul, ya kampani ya Eni ndi anzake, inatumiza LNG woyamba mu Novembala 2022, ndipo mphamvu yake ndi matani 3.4 miliyoni pachaka. LNG yenseyo anagulidwa kale ndi kampani ya BP pa mgwirizano wa zaka 20, fakitaleyo isanamangidwe n'komwe. Ntchito ya TotalEnergies ku Afungi, ya madola 20 biliyoni, inaima mu 2021 zigawenga zitaukira tawuni ya Palma. Ndalama zotere zimathawa mfuti ikangolira.

Ku Tanzania nako gasi wa ku Songo Songo anayamba kuyatsa magetsi mu Dar es Salaam mu 2004, ndipo mu 2015 anamaliza paipi ya makilomita oposa 500 yochokera ku Mtwara, pa ngongole ya ku China yoposa madola biliyoni imodzi. Koma taonani chodabwitsa: Tanzania, ndi gasi yense ali nayeyo, LPG wophikira amachita kuitanitsa kunja pa sitima. Chifukwa chake n'chakuti gasi wa kumeneko ndi wouma, pafupifupi yense ndi methane, propane ndi butane ndi ochepa kwambiri moti kumanga nsanja zowachotsera sikungabweze ndalama. Wa ku Rovuma naye ndi wouma chimodzimodzi. Mwini fakitale amawerengera: ndikachotsa propane n'kumugulitsa payekha, kodi ndipeza zoposa zomwe ndikanapeza pomusiya mu gasi, nditachotsapo ndalama za makina ndi magetsi oziziritsira? Yankho likakhala ayi, propane amatsalira momwemo n'kupita kukapsa ku Europe kapena ku Asia.

Ndiye pempho langa loyamba, a Nduna, ndi lakuti pasapezeke wotilonjeza paipi ya gasi yofika ku Blantyre, kapena fakitale yathuyathu ya LNG. Tilibe chitsime cha gasi chomwe chikutulutsa, ndipo mafakitale onse a ku Makata, ku Chirimba ndi ku Limbe mutawaphatikiza sangameze gasi wokwanira kulipira paipi yotero. Nawo gasi wa ku Pande ndi Temane wayamba kuchepa, eni ake achenjeza kale makasitomala awo a ku South Africa. Tisataye zaka tikujambula mizere pa mapu.

Chomwe ndikuchiona kuti n'chotheka chili ku Inhassoro, kufupi ndi Temane komweko. Kumeneko kuli zitsime za gasi wonyowa ndi mafuta opepuka, ndipo Sasol ndi boma la Mozambique anakonza fakitale yoti izitulutsa matani 30,000 a LPG pachaka. Amenewo ndi masilinda a makilogalamu 9 oposa 3 miliyoni. N'zoona kuti anaimangira anthu awo, pofuna kuchepetsa gasi woitanitsa kunja, ndipo sindikunena kuti atipatsa wawo iwo n'kugona ndi njala. Koma taganizani: gasi wa kumeneko akalowa pa msika wawo, malo amatseguka m'mathanki a m'madoko awo, ndipo amalonda omwe ankadzaza mathankiwo amafuna wogula wina. Ife tili pomwepa, kumapeto kwa msewu wa Tete ndi kwa njanji ya Nacala. Kodi pali nthumwi ya Malawi yomwe inakhalapo pansi ndi anzathu a ku Maputo kukambirana za LPG payekha, osati ngati mchira wa nkhani ya petulo ndi dizilo? Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Pitani mukapemphe gawo, ngakhale laling'ono, pa mgwirizano wa zaka zingapo, dziko ndi dziko.

Mtengo womwe ndimalipira podzazitsa silinda uli ndi zigawo zambiri, ndipo gasi weniweniyo ndi chigawo chimodzi chabe. Poyambira pake ndi mtengo wa propane ndi butane womwe kampani ya Saudi Aramco imalengeza mwezi uliwonse, umene amalonda ambiri a kum'mawa kwa Africa amayendera. Pamenepo muonjezere sitima, doko, thanki yosungira, ndiye ulendo wa pamsewu. Mlamu wanga anayendetsa mathankala zaka zambiri panjira ya Beira, kudzera ku Tete ndi ku Zobue. Iye amati thankala ya gasi ndi chilombo china. Chitsulo chake n'chochindikala kuti chipirire kufinyika, ndiye galimoto imalemera isananyamule kanthu. Saidzaza mpaka pakamwa, amasiya malo oti gasi afufumire dzuwa likatentha m'chigwa cha Zambezi. Ikatsitsa katundu ku Blantyre imabwerera yopanda kanthu, chifukwa simungaikemo fodya kapena nandolo. Ndipo tsiku lililonse lomwe yagona pachipata podikira mapepala kapena malipiro, mwini wake amalilemba pa bilu. Zonsezi zimalipiridwa m'madola. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zigawo zonsezi zinakwera pamodzi. Ku South Africa, komwe gasi wina ankachokera, mafakitale awiri akuluakulu oyenga mafuta a ku Durban anasiya kuyenga, ina mu 2020 ina mu 2022, moti naonso akudalira sitima.

Inu a NOCMA muli ndi nkhokwe za mafuta ku Matindi, ku Kanengo ndi ku Sonda, zokwana malita 60 miliyoni zonse pamodzi. Munazimanga chifukwa dziko linaphunzira kuti mafuta sangadalire thankala ya mawa. Nanga nkhokwe ya dziko ya gasi wophikira ili kuti? Njanji imadutsa pa Matindi pomwepo, kuchokera ku Nkaya komwe imakumana ndi ya ku Nacala kudzera ku Nayuchi ndi ku Liwonde. Masiku ano kuli mathanki a gasi opangidwa mwa muyezo wa kontena, oti amatsika m'sitima yapamadzi n'kukwera bogi osatsanulidwa. Mangani mathanki a LPG pa Matindi, oti kampani iliyonse ya chiphaso izisungitsamo polipira, yaikulu ndi yaing'ono yomwe. Pamenepo oitanitsa angathe kusonkhanitsa maoda awo n'kugula limodzi katundu wambiri, monga a ku Tanzania amachitira ndi mafuta awo, m'malo moti aliyense azipita yekha ndi kathumba kake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa malonda awa wogula zambiri ndi amene amamveredwa.

Za ndalama zakunja ndinena mwachidule. Pogawa madola ochepa omwe tili nawo, gasi wophikira aikidwe pa mzere umodzi ndi mafuta, mankhwala ndi feteleza. Madola ake ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi a dizilo, koma akasowa mwezi umodzi, banja lomwe linatenga zaka kuti lizolowere chitofu cha gasi limabwerera ku mbaula, ndipo kulikopanso kachiwiri n'kovuta kuposa poyamba.

Inu a MERA mumalengeza mtengo wa gasi pa kilogalamu. Ndikupempha kuti polengeza muzitionetsa zigawo zake m'Chichewa, pa wailesi ndi pa intaneti: wa kudoko ndi uwu, wa pamsewu ndi uwu, misonkho ndi iyi, phindu la woitanitsa ndi la wogulitsa ndi ili. Munthu akaona mmene mtengo wamangidwira amapirira, ndiponso amadziwa pofunsa. Boma linachita bwino kuchotsa VAT pa gasi ndi masilinda mu 2019, koma ogula sitinathe kuona kuti phindu la chisankhocho linathera m'thumba la yani. Palinso nkhani ya sikelo. Ndinadzazitsapo silinda pamalo ena, nditafika kunyumba n'kuipima pa sikelo ya mayi yopimira ufa, ndinapeza kuti ikuperewera pafupifupi kilogalamu yathunthu. Kulemera kwa silinda yopanda kanthu kumalembedwa pa chogwirira chake, koma ndi angati amadziwa zimenezo? Lamulani kuti pamalo alionse odzazira gasi sikelo izikhala poonekera, yoyesedwa ndi kudindidwa, ndipo wogula azionetsedwa nambala isanadzazidwe ndi itadzazidwa.

Koma ngakhale mathanki amangidwe ndipo sikelo zilungame, gasi sangagonjetse makala ngati sagulitsidwa mwa muyezo wa kajumbo. Mayi wa ku Mbayani sakana gasi chifukwa cha umbuli. Iye amawerengera bwino kuposa ine. Amapeza ndalama tsiku ndi tsiku, ndiye amagulanso moto tsiku ndi tsiku. Kumuuza kuti agule silinda, chitofu, regyuleta ndi paipi nthawi imodzi, kenako adzazitse makilogalamu 9 nthawi imodzinso, n'kumuuza kuti alumphe mtsinje wa Mudi utadzaza. Dziko la Indonesia mu 2007 linagawa timasilinda ta makilogalamu 3 ndi zitofu kwa mabanja mamiliyoni ambiri kuti asiye palafini, ndipo anasiyadi. Koma linadzimangiriranso kulipirira gasiyo chaka ndi chaka, katundu amene akulilemera mpaka lero. India mu 2016 inayamba kupereka masilinda kwa amayi osauka, koma ambiri ankalephera kudzazitsanso chifukwa silinda yake inali yaikulu. Ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam kuli makampani omwe amaika mita pa silinda, munthu n'kumagula gasi wa chakudya chimodzi pa foni, monga timagulira mayunitsi a magetsi. Pa zitsanzo zitatuzi ine ndikutolapo izi: thandizo la boma lipite ku silinda ndi chitofu, zomwe zimagulidwa kamodzi, osati ku gasi yemwe amagulidwa mpaka kalekale, ndipo malamulo alole, mwinanso akakamize, kugulitsa pang'onopang'ono m'misika ya m'makwalala, pamalo otetezeka.

Boma lenilenilo liyambe ndi makhitchini ake. Masukulu ogonera konko, zipatala, ndende ndi malo a asilikali zimatentha nkhuni pa malole. Zimenezi zitasamukira ku gasi, woitanitsa angakhale ndi wogula wodalirika wa mwezi ndi mwezi, uja ndanena kuti mabanki amamufuna asanabwereketse ndalama za thanki. Anzathu a ku Tanzania anadziikira cholinga choti pofika 2034 mabanja 80 pa 100 aziphika ndi moto waukhondo, ndipo anayambira m'malo odyetsa anthu ambiri. Pa msonkhano wa ku Paris mu Meyi 2024, mayiko ndi makampani analonjeza madola 2.2 biliyoni othandizira kuphika kwaukhondo mu Africa. Ndalama zotere zimapita kwa amene wafika ndi pulani yolembedwa, yokhala ndi malo, matani ndi mtengo.

Gasi timamulipiranso mwa njira ina imene ambiri saidziwa. Thumba la yureya lolembedwa 46 peresenti lija ndi gasi wouma wosandulika. Amaswa methane ndi nthunzi kuti apeze hydrogen, n'kumulumikiza ndi nitrogen wa mu mpweya kuti apange ammonia, kenako ammonia ndi carbon dioxide n'kukhala yureya. Mbali yaikulu ya mtengo wopangira feteleza ameneyu ndi mtengo wa gasi. N'chifukwa chake gasi atakwera ku Europe mu 2021 ndi 2022, mafakitale a kumeneko n'kuchepetsa ntchito, mlimi wa ku Lunzu analira. Mu 2017 Mozambique inasankha kampani ya Yara kuti imange fakitale ya feteleza pogwiritsa ntchito gasi wa ku Rovuma, koma ntchitoyo sinachitike. Tsiku lomwe nkhani yotere idzadzukanso, kaya ku Mozambique kaya ku Mtwara, Malawi ali ndi chinthu chogulitsa: ndife ogula feteleza chaka chilichonse, osajomba. Siginecha yathu pa mgwirizano wa zaka 10 ingathandize fakitale kupeza ngongole, ife n'kupeza mtengo wotsika ndi ulendo waufupi. Chimodzimodzi ndi magetsi. Ku Temane anayamba kumanga malo opangira magetsi a gasi a mamegawati 450, ndipo waya wochokera ku Matambo, ku Mozambique, kufika ku Phombeya, ku Balaka, ndi njira yomwe methane, amene sitingamukoke pa paipi, angatifikire atasanduka magetsi. Tinaona mu Januwale 2022, namondwe wa Ana atagumula Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130 kwa chaka ndi miyezi, kuti kudalira mtsinje wa Shire wokha n'kugona panja.

Ndikudziwa zomwe ena ayankhe. Adzati gasi naye ndi mafuta okumba pansi, amaononga nyengo, ndipo amadya madola pamene mtengo umamera wokha. Ndikuvomera kuti gasi si mathero a ulendo. Tsiku lomwe magetsi adzakhale okwanira ndi osathimathima, tidzaphikire magetsi, ndipo makala a nsungwi ndi a mitengo yodzala, opangidwa mwachilolezo, akhale nawo pa msika. Koma mtengo umamera wokha pa zaka 20, pamene uvuni umaumeza pa sabata imodzi. Ndipo madola timawalipirabe mwa njira ina: pokumba matope omwe amatsika m'mapiri ometedwa n'kudzaza madamu a Nkula ndi Tedzani, pogula dizilo wa majenereta magetsi akachepa, pochiza chifuwa cha ana okulira mu utsi. Adzafunsanso za anyamata a njinga za makala, kuti adzadya chiyani. Funso limenelo ndi lachilungamo. Mnyamata amene amakankha matumba atatu kukwera chitunda cha Zalewa usiku wonse angathe kunyamula masilinda masana, kudzaza, kukonza zitofu ndi kuyesa maregyuleta, mutamuphunzitsa ndi kumupatsa chiphaso. Muwawerengere mu pulani kuyambira pachiyambi, asadzangomva kuti msika wawo watha.

Otsala ndi mantha. Alipo eni nyumba ambiri m'makwalala muno omwe amaletsa alendi kulowetsa silinda, poopa kuti iphulika. Mantha amenewa sathetsedwa ndi chikwangwani. Ine ndinaphunzitsa anansi anga atatu ndi kapu ya madzi a sopo: kupaka polumikizira paipi, thovu likatuluka ndiye kuti pakudontha, kutseka regyuleta ukamaliza kuphika, kusunga silinda choimirira, ukamva fungo, kutsegula chitseko ndi mawindo osayatsa machesi kapena kukhudza switchi, chifukwa gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, amayenda pansi ngati madzi. Awiri mwa atatuwo lero akuphikira gasi. Tumizani anthu otere m'misika, m'matchalitchi ndi m'mizikiti, ndipo masilinda akale ochita dzimbiri achotsedwe pa msika, mwini chizindikiro chake akhale ndi udindo wowayesa.

Ndikupempha aphungu athu kuti Nyumba ya Malamulo ikakumana mufunse a Nduna mafunso awa pamaso pa dziko: kodi gasi wophikira yemwe ali m'mathanki m'dziko muno lero angatifikitse masiku angati mathankala ataima? Kodi nkhokwe yake idzamangidwa kuti, ndipo liti? Nanga ndani watumidwa ku Maputo kukakamba za LPG wa ku Inhassoro? Mayankho ake tiwamve pa wailesi, m'chilankhulo chomwe mayi wa kajumbo uja angamve.

Silinda yomwe ndinadzazitsa tsiku lija yayamba kupepuka, ndikainyamula ndikumva. Mayi agula kale makala ena n'kuwaika kuseri kwa chitseko. Ndikudikira yankho lanu.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Chilobwe, Blantyre